Ndege yagwa, munthu wapulumuka: nanga pambuyo pake?

Tikakhala kuno ku Lulimile, nthawi zina timamva ndege ikudutsa kumwamba, ikulowera ku bwalo la ndege la Lichinga. Ana amatuluka m'nyumba cothamanga n'kumaloza. Ife akuluakulu timangokweza maso pang'ono, kenako n'kubwerera ku nchito zathu. Ambiri a ife sitinakwerepo ndege, mwinanso sitidzaikwera n'komwe. Ndiye mungafunse kuti, “Nkhani ya ngozi ya ndege ikundikhudza pati ine?”

Ikukukhudzani pawiri. Coyamba, ndege ikagwa kuchire kapena pa nyanja, anthu oyamba kufika sakhala madokotala ayi. Amakhala alimi, asodzi, amayi otola nkhuni. Caciwiri, zimene zimacitikira munthu wopulumuka pa ngozi ya ndege n'zomwezo zimene zimacitikira munthu amene watsala chapa itagubuduka, bwato litamira kapena nyumba itapsa. Mwina munthu wotere mumadya naye nsima m'mbale imodzi. Tiyeni tiwerenge pang'onopang'ono.

Zimene zinacitika pa nyanja yathu

Pa 20 Agosto 2024, ndege yaing'ono ya mtundu wa Cessna 210 inanyamuka ku Nkhotakota, m'dziko la Malawi, kupita ku Liwonde. Nkhotakota ili tsidya lina la nyanja, moyang'anana ndi gombe lathu la pakati pa Metangula ndi Meponda. Ndege ya mtundu umenewu ili ndi injini imodzi ndi mipando 6 basi. Tsiku limenelo munali anthu atatu: woyendetsa wa ku Zimbabwe, ndi alendo awiri a ku Netherlands, dziko lija timalicha Holanda.

Ndegeyo sinafike ku Liwonde. Inagwera m'nyanja. Asodzi amene anali pamadzi anapalasa msanga kupita pamalopo, ndipo anavuula mayi mmodzi ali moyo. Anamutengera kucipatala. Anthu awiri enawo anamwalira, matupi awo anapezeka pambuyo pake.

Ngoziyi inacitika patangodutsa miyezi iwiri ndege ina itagwa m'nkhalango ya Chikangawa, kumpoto kwa Malawi. Imeneyo inagwa pa 10 Junho 2024, nyengo itaipa. Munali waciwiri kwa mtsogoleri wa dziko la Malawi, a Saulos Chilima, ndi anthu ena 8. Palibe anapulumuka.

Ganizirani za mayi amene asodzi anamuvuula uja. Anthu akamva nkhani yake amati, “Koma ndiye ali ndi mwayi!” N'zoona. Koma wailesi ikasiya kuulutsa nkhaniyo, munthu wopulumuka amatsala nayo. Ngozi imatha pa mphindi zocepa. Kucira kumatenga miyezi, kwa ena zaka.

N'cifukwa ciyani ena amapulumuka?

Anthu ambiri amaganiza kuti injini ikazima, ndege imagwa ngati mwala. Sizili conco. Mapiko amaigwirabe, ndipo imatsika pang'onopang'ono monga amacitira kabawi akatambasula mapiko osakupiza. Woyendetsa amakhala ndi kanthawi kofunafuna malo oti atere: munda, msewu, dambo, ngakhale pamadzi. Ndege yaing'ono imatera pa liwiro locepa poyerekeza ndi ndege zikuluzikulu. Ngakhale zili conco, liwirolo limapitirira makilomita 100 pa ola, ndiye ikagunda mtengo kapena phiri, mphamvu yake si yamasewera.

Pali zinthu zitatu zimene zimathandiza kwambiri.

Coyamba ndi lamba. Ndege ikaima mwadzidzidzi, thupi la munthu limapitabe kutsogolo. Lamba ndi amene amaligwira kuti mutu usakamenye citsulo. Phunziro ili ndi lanunso mukakwera galimoto ya lamba: mangani, musacite manyazi.

Caciwiri ndi kutuluka msanga. Mafuta a ndege sacedwa kuyaka, ndipo utsi umapha msanga. Katundu ndi wosiya. Ngati ndege yagwera m'madzi, covala coyandamitsa munthu cija amacifufumitsa atatuluka kunja. Akacifufumitsa ali m'kati, cimamukankhira kudenga ndipo amalephera kupeza khomo.

Cacitatu ndi kupezeka msanga. Anthu ofufuza amaona ndege yogwa mosavuta kusiyana ndi munthu mmodzi woyenda m'chire. N'cifukwa cake amalangiza kuti wopulumuka akhale capafupi ndi ndegeyo, pokhapokha ngati mudzi uli pafupi ndipo njira akuiona.

Nzeru za kumudzi nazo zimapulumutsa. Pa 1 Maio 2023, ndege ina yaing'ono, Cessna 206, inagwa m'nkhalango yaikulu ya Amazon m'dziko la Colombia. Akuluakulu atatu anamwalira, mmodzi mwa iwo anali mayi wa ana anayi amene anali m'ndegemo. Anawo anatsala okha: wa zaka 13, wa zaka 9, wa zaka 4, ndi khanda la miyezi 11. Anayamba kudya ufa wa cinangwa umene unali m'ndege. Utatha, ankadya zipatso ndi nthangala za m'chire, cifukwa wamkuluyo ankadziwa zodyedwa ndi zakupha. Anapezeka pa 9 Junho, patatha masiku 40, onse anayi ali moyo. Koma anali ataonda kwambiri, ndipo anagona m'cipatala masabata angapo. Mwaona? Kupezeka ndi moyo cinali ciyambi cabe ca ulendo wina.

Mukakhala inu woyamba kufika

Cakudza siciimba ng'oma. Tsiku lina mungakhale inu woyamba kufika pa ngozi, kaya ya ndege, ya galimoto kapena ya njinga yamoto. Kumbukirani izi:

1. Yambani mwadziteteza. Musasute fodya, musayatse moto, musafike ndi nyali ya moto. Mukamva fungo la mafuta, uzani anthu ena aime patali.

2. Tumani munthu mmodzi akaimbe foni kapena akadziwitse apolisi, acipatala ndi amfumu. Muchuleni dzina pomutuma. Mukangokuwa kuti “wina aimbe foni,” aliyense amayesa kuti mnzake waimba kale.

3. Munthu wovulala musamukoke mwacisawawa. Musuntheni pokhapokha ngati pali moto kapena akumira. Pomunyamula mukhale anthu angapo, ndipo mutu, khosi ndi msana zikhale pa mzere umodzi. Citseko kapena thabwa n'labwino kuposa kumubereka kumsana. Fupa la msana likathyoka, kunyamula kolakwika kungacititse kuti munthu afe miyendo moyo wake wonse.

4. Pamene pakutuluka magazi ambiri, ikanipo nsalu yoyera n'kudinikiza mwamphamvu, osasiya.

5. Pamene papsa ndi moto, thiranipo madzi oyera ozizira kwa mphindi 20. Musapakepo mafuta, mazira, dothi kapena mankhwala otsukira mano.

6. Mufunditseni. Kuno ku Lichinga mukudziwa mmene kumazizirira mu Junho ndi Julho, ndipo munthu wotaya magazi amazizidwa msanga.

7. Musamupatse cakudya, madzi kapena mowa, cifukwa mwina kucipatala akafunika opaleshoni. Khalani naye pafupi, muuzeni dzina lanu, muuzeni kuti thandizo likubwera.

8. Musajambule anthu ovulala kapena omwalira ndi foni, ndipo musatole katundu. Zidutswa za ndege zimathandiza akatswiri kudziwa cimene cinacititsa ngozi.

Mabala obisala m'thupi

Munthu angatuluke m'ngozi akuyenda yekha, akulankhula bwinobwino, n'kumati, “Ine ndilibe kanthu.” Musamukhulupirire msanga. Pa nthawi ya zoopsa thupi limatulutsa mphamvu ina imene imaphimba ululu. Ululuwo umadzamveka pakapita maola.

Mabala oopsa kwambiri ndi a m'kati. Ubongo ungagwedezeke kapena kukha magazi m'kati mwa cigaza. Ciwindi kapena impso zingang'ambike, khungu lili bwinobwino. Conco aliyense wopulumuka apite kucipatala tsiku lomwelo. Akabwerako, muyang'anireni masiku angapo. Mubwerere naye mwamsanga mukaona mutu ukupweteka moonjezereka, kusanza, kugona kovuta kudzutsa, kulankhula zosokonekera, kukomoka, madzi kapena magazi otuluka m'khutu kapena m'mphuno, m'mimba mopweteka, kapena dzanzi m'manja ndi m'miyendo.

Mabala ena amatsala kwa nthawi yaitali. Mlembi wina wochuka wa ku America, Ernest Hemingway, anagwa ndi ndege yaing'ono m'dziko la Uganda mu Janeiro 1954. Tsiku lotsatira anakwera ndege ina yoti imutengere kutauni, nayonso inagwa ponyamuka n'kuyaka moto. Anapulumuka kawiri konse. Koma anavulala mutu, msana, ciwindi ndi impso. Kumapeto kwa caka comweco anapatsidwa mphoto yaikulu ya Nobel, ndipo analephera kupita ku Sweden kukailandira cifukwa ca mabalawo. Thanzi lake silinabwererenso mwakale.

Munthu amene anavulala mutu angasinthe khalidwe. Amaiwalaiwala, amatopa msanga, sacedwa kupsa mtima, phokoso limamusowetsa mtendere. Si mwano umenewo, si ulesi. Ndi ubongo umene ukucira.

Bala la mumtima

Tsopano tafika pa bala limene ngakhale makina a kucipatala saliona.

Taganizirani galu amene usiku wina anaona mbala ikulowa pakhomo. Kuyambira tsiku limenelo amauwa ciliconse. Tsamba likagwa, wauwa. Mphepo ikagwedeza citseko, wauwa. M'thupi mwathu mulinso mlonda wotere. Zoopsa zikafika, amacititsa mtima kugunda mwamphamvu ndi mpweya kuthamanga, kuti tithawe kapena tilimbane nazo. Mlonda ameneyu ndi wabwino, amapulumutsa moyo. Vuto ndi lakuti kwa anthu ena, ngozi itatha kale, mlondayo sagonanso.

Munthu wotere mungamudziwe ndi zinthu zinayi.

Ngozi imamubwerera. Amailota usiku, amadzuka ali thukuta lokhalokha. Masana, phokoso la injini kapena fungo la mafuta limamubweza pamalo a ngozi paja, ngati zikucitika tsopano lino.

Amazemba zomukumbutsa. Safuna kukwera galimoto, safuna kuona nyanja, amalambalala msewu umene ngozi inacitikira. Mukayamba nkhaniyo amadzuka n'kucokapo.

Amakhala cheru nthawi zonse. Mbale ikagwa amadzidzimuka. Tulo sabwera. Amakalipira ana pa zinthu zazing'ono.

Mtima wake umazizira. Zimene ankakonda kale sizimukomanso. Amadzipatula, amaona ngati palibe womumvetsa, ena amayamba kumwa mowa kuti apeze tulo.

Pa masiku oyamba, zimenezi zimacitikira anthu ambiri, ndipo si misala. Ambiri zimawathera paokha pakapita masabata, makamaka ngati ali ndi abale owasamala. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse, lija timalicha OMS, limati anthu 7 pa 10 aliwonse amakumana ndi zoopsa zazikulu pa moyo wawo, koma mwa amenewa, pafupifupi 6 okha pa 100 ndi amene bala la mumtimali limawakhalitsa n'kusanduka matenda. Madokotala amawacha matendawa PTSD. Amayamba kuwaganizira ngati zizindikiro zija zapitirira mwezi umodzi ndipo zikumulepheretsa munthu kugwira nchito kapena kukhala bwino ndi anzake. Kwa ena zimayamba mocedwa, patapita miyezi. Cofunika kudziwa n'cakuti matendawa ali ndi cithandizo, ndipo anthu amacira.

Ife a m'dziko lino bala limeneli si lacilendo. Nkhondo ya zaka 16 inatha mu 1992, koma alipo akuluakulu amene mpaka lero amadzidzimuka akamva kuphulika kwa tayala. M'makalasi athu a akuluakulu ndaonapo wophunzira akuponya pensulo pansi citseko citangomenyeka ndi mphepo. Anzake anaseka. Iye sanaseke nawo.

“Bwanji ndatsala ine?”

Pali funso limodzi limene limadya opulumuka ambiri: “Anzanga apita, nanga ine ndatsaliranji?”

Tonse timakumbukira za Mbuzini. Usiku wa pa 19 Outubro 1986, ndege imene inanyamula Pulezidenti Samora Machel kucokera ku msonkhano ku Mbala, m'dziko la Zambia, inagunda phiri ku Mbuzini, m'dziko la South Africa, pafupi ndi malire athu. Imeneyi inali ndege yokulirapo, ya mtundu wa Tupolev 134, ndipo munali anthu 44. Anthu 35 anamwalira, 9 anapulumuka. Mmodzi wa alonda a Pulezidenti, a Fernando Manuel João, anatuluka m'zidutswa za ndegeyo n'kuyenda mumdima kukapempha thandizo kwa anthu a m'mudzi wapafupi. Apanso, oyamba kuthandiza anali anthu wamba.

Mu 1999, a Nelson Mandela ndi a Joaquim Chissano anatsegula cipilala ca cikumbutso pamalopo. Pali mipope yacitsulo 35, umodzi wa munthu aliyense amene anamwalira, ndipo mphepo ikaomba mipopeyo imalira. Caka ciliconse dziko limakumbukira anthu 35 amenewa, ndipo n'koyenera. Koma kodi ndi angati a ife amene timaganizako za anthu 9 aja? Anatsala ndi zimene anaona ndi kumva usiku umenewo. Mkangano wa cimene cinagwetsa ndegeyo nawo sunathe mpaka lero, ndipo bala limene lili ndi funso losayankhidwa limacedwa kupola.

Wopulumuka amadziimba mlandu pa zinthu zimene sakanatha kuzisintha. “Ndikanamukoka dzanja.” “Tikanasinthana mpando.” “Ndikanakana ulendowu.” Amacita manyazi kukumana ndi amasiye a anzake. Amaopa kuseka, ngati kuti kuseka n'kunyoza amene anapita.

Nthawi zina ife a pamudzi timathira mcere pa bala limeneli. Timanong'onezana kuti, “Anthu onse aja kufa, iye yekha kutsala? Ameneyu ndi wokhwima.” Ena amafika ponena kuti anapereka anzake nsembe. Abale anga, mawu amenewa amapweteka kuposa ngozi. Munthu amapulumuka cifukwa ca pamene anakhala, lamba amene anamanga, mbali imene ndege inagunda, khomo limene linatseguka, ndi anthu amene anafika msanga. Wopulumuka sanasankhe kuti mnzake afe. Caona mnzako capita, mawa cili pa iwe.

Mmene mungathandizire wopulumuka

Mutu umodzi susenza denga. Cinthu cacikulu cimene cimathandiza munthu kucira ndi anthu omuzungulira. Simufunika kukhala dokotala kuti mucite izi.

Khalani naye. Kukhala naye pakhonde mwakacetecete, kumuperekeza kumunda kapena kumsika, ndi mankhwala kale.

Mverani, koma musamukakamize. Alendo akamabwera kudzazonda, aliyense amafuna kumva nkhani kuyambira paciyambi. Kufotokoza kakhumi pa tsiku kumamubweza m'ngozi kakhumi. Mutetezeni. Auzeni alendo kuti, “Lero wapuma, mungomupatsa moni.” Akafuna yekha kulankhula, cherani khutu, musamudule.

Samalani mawu. Musanene kuti “Iwala basi,” kapena “Mwamuna salira,” kapena “Uzithokoza, ena anafa.” Iye akudziwa kale kuti ena anafa, n'cimene cikumupweteka. Nenani kuti, “Zimene unaona n'zoopsa. Si mlandu wako. Tili nawe.”

Bwezerani moyo wa tsiku ndi tsiku. Adye pa nthawi yake, agone pa nthawi yake, agwire tinchito topepuka. Mowa ndi camba zimaoneka ngati zikuthandiza usiku umodzi, koma zimaononga tulo ndi kukulitsa vuto.

Mantha athetsedwe pang'onopang'ono. Ngati akuopa galimoto, musamukankhiremo. Lero aime nanu pa siteji n'kumangoona. Tsiku lina akwere ulendo waufupi muli naye. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Mtima ukayamba kuthamanga, muphunzitseni kukoka mpweya ndi mphuno pang'onopang'ono, n'kuutulutsa ndi pakamwa motalikitsa, kangapo konse.

Ana nawo amavulala mumtima. Mwana angayambenso kukodza pogona, kukakamira amayi ake, kapena kusewera masewera a ngozi mobwerezabwereza. Musamumenye. Muuzeni zoona m'mawu osavuta, ndipo adziwe kuti tsopano ali pabwino.

Mapemphero a kuchalichi kapena kumzikiti, ndi miyambo ya makolo yolandira munthu amene wadutsa pa imfa, zimamuthandiza kumva kuti wabwerera pakati pa anthu ake. Zimenezi ziyende limodzi ndi cipatala, zisalowe m'malo mwake.

Pitani kucipatala ngati mwezi watha zinthu zisakusintha, ngati munthu sakugona kapena kudya, ngati wayamba kumwa kwambiri kapena kumenya a pabanja pake. M'zipatala za boma m'dziko lathu muli anthu ophunzitsidwa za matenda a maganizo, ochedwa técnico de psiquiatria. Yambirani pa cipatala ca pafupi nanu, ndipo ngati pafunika adzakutumizani ku Hospital Provincial de Lichinga. Kupita kumeneko sikutanthauza kuti munthu wapenga. Akayamba kunena kuti “kuli bwino ndingofa,” musadikire mwezi. Musamusiye yekha, bisani zingwe ndi mankhwala a m'munda, ndipo pitani naye tsiku lomwelo.

Inunso wosamala, dzisamaleni. Amene anavuula anthu m'madzi kapena kunyamula mitembo nayenso angayambe kulota zoopsa. Gawanani nchito pabanja, ndipo nanunso pezani wina womuuza zakukhosi.

Ngati wopulumukayo ndinu amene mukuwerenga nkhaniyi, mvetserani. Simunapenge, simunalodzedwe, ndipo simuli ofooka. Ngoziyo mwina simudzaiiwala, koma idzafika nthawi imene mudzaikumbukira mtima uli m'malo. Sankhani munthu mmodzi amene mumamukhulupirira, mumuuze sabata ino zimene zimakucitikirani usiku.

Mawu oti tiwadziwe

Wopulumuka: munthu amene watsala ndi moyo pa ngozi.
Liwiro: kuthamanga kwa cinthu.
Cizindikiro: cinthu cooneka kapena comveka cimene cimasonyeza kuti munthu akudwala.
Kudziimba mlandu: kuganiza kuti coipa cacitika cifukwa ca iwe.

Tikambirane m'kalasi

1. Ndani anapulumutsa mayi amene anagwa ndi ndege pa nyanja mu Agosto 2024?
2. Chulani zinthu zitatu zimene simuyenera kucita mukafika pa ngozi.
3. N'cifukwa ciyani munthu amene akuoneka wabwinobwino ayenera kupitabe kucipatala?
4. Kodi kwanu anthu amanena zotani za munthu amene wapulumuka yekha pa ngozi? Mungawayankhe bwanji?
5. Lembani ziganizo ziwiri zimene mungamuuze mnzanu amene akulota zoopsa ngozi itadutsa.